Mphoto ya Mpali ku Lagos: Yathu Kapena ya Eni Dishi?

Loweruka pa 20 May 2023, mu holo ya Eko Hotel mumzinda wa Lagos ku Nigeria, anthu ovala zonyezimira anaomba m'manja dzina la Mpali litatchulidwa. Sewero la ku Zambia limeneli, lomwe linayamba kuonetsedwa pa Zambezi Magic mu 2018, linali litapambana pa gawo la masewero aatali otsatizana, pa mwambo wa Africa Magic Viewers' Choice Awards womwe ambiri amangoutchula kuti AMVCA. Ku Lusaka anthu anakondwa, pa Facebook mauthenga oyamikira anali mbwee.

Kuno ku Kacholola, pa msewu waukulu wa Great East pakati pa mlatho wa Luangwa ndi boma la Nyimba, makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Lusaka, nkhani yotere siifika usiku womwewo. Nthawi ya ku Lagos ili kumbuyo kwa yathu ndi ola limodzi, ndiye mwambo umatha kuno tulo tili pakati. May ndi mwezi wokolola, ndipo munthu amene watandala m'munda kututa chimanga ndi kukumba mtedza sangachezere kudikira kapeti yofiira. Batire la sola nalo limakhala litafooka kale. Nkhani imabwera m'mawa mwake, pa foni ya mnyamata wina kapena pakamwa pa kondakitala wa basi yochokera ku Lusaka. Ikangofika imagawa anthu pawiri, ndipo mkangano wake umadzukanso chaka chilichonse mwambo wa mphoto ukachitika.

Kuti mkanganowu umveke, ndi bwino kudziwa kaye mmene timaonerera kanema kuno. Pa sitolo ina ya m'mbali mwa msewu TV anaikhoma pamwamba pa shelefu ya sopo ndi mafuta ophikira. Dishi ili padenga, waya wadutsa pawindo kupita ku batire lomwe lili pansi pa kauntala. Nthawi ya sewero ikakwana, akuluakulu amakhala pa benchi, amayi amayala zitenje pansi, ana amadzaza pakhomo mpaka mwini sitolo kuwakalipira kuti akutchinga makasitomala. Thiraki ikamakwera phiri pa giya yotsika, mawu a pa TV samveka, ndipo ikadutsa wina amafunsa kuti, "Wati chiyani?" Pamakhala mayi mmodzi, wogulitsa nthochi kwa anthu a m'mabasi, amene amamasulira anzake Chingerezi chikachuluka, nkumawonjezera ndemanga zakezake. A Nguzu, mlimi wa mitala wa mu Mpali yemwe amaseweredwa ndi Monde Mutale, amadzudzulidwa pa benchi imeneyi ngati ndi munthu wa m'mudzi momwemo. Mwa akazi a Nguzu, Junza ali ndi omuikira kumbuyo, Shupiwe alinso ndi ake.

Mayi wa nthochi uja ndiye anali patsogolo kululuta nkhani ya mphoto itafika. Amene anamudula anali bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito.

"Amayi, chikhocho mwachiona? Munavota inu?"

"Ine ndivote ndi foni iti, aphunzitsi? Koma ndimaonera tsiku ndi tsiku. Inu chilichonse mumachipezera chifukwa. Ana athu apambana, mukufuna tilire?"

"Sindikuti mulire ayi. Ndikufunsa kuti wapambana ndani, ndipo wampatsa ndani."

Awiriwa sanagwirizane, ndipo ine ndikuona kuti aliyense anagwira mbali ya choonadi. Ndiyamba ndi a chimwemwe, chifukwa anthu ophunzira amafulumira kuwapeputsa.

Aliyense amene anakula m'zaka za m'ma 2000 akukumbukira zomwe tinkaonera m'tinyumba ta vidiyo. Kunali mafilimu a ku Nigeria a asing'anga ndi apongozi ankhanza, a karate a ku China, kenaka masewero a ku Mexico, ku Philippines ndi ku India. Mayina a Genevieve Nnaji ndi Nkem Owoh tinkawadziwa kuposa a azisudzo athu, ndipo ana akamasewera masanje ankayankhula ngati a ku Lagos. Iwo ankapanga, ife tinkaonera, basi. Zathu zinalipo ndithu. Kabanana pa ZNBC ndi Banja pa Muvi TV ankasonkhanitsa mabanja madzulo, ndipo kuchokera ku Malawi tinkalandira Tikuferanji ndi nthabwala za Izeki ndi Jakobo, zomwe ife a Kum'mawa timazimva ngati zathu. Koma kupitirira mayiko athu awiriwa, zimenezi zinalibe ozidziwa.

Ndiye taganizani mmene zimamvekera kuti mu mzinda womwewo umene unkatitumizira ma CD, anthu akuimirira kuombera m'manja ntchito ya kwathu. Sizinayambe ndi Mpali. Mu 2016 Joyce Mhango Chavula wa ku Malawi anatenga mphoto ya filimu yopambana kum'mwera kwa Africa ndi filimu yake ya Lilongwe. Mu 2018 anaitenga Shemu Joyah, wa ku Malawinso, ndi The Road to Sunrise. Mu 2020 inabwera ku Zambia kudzera mu Dalitso ya Abraham Kabwe. Kutsidya kwa nyanja, Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, analandira mphoto ya BAFTA ku London mu 2018 chifukwa cha I Am Not a Witch, filimu yomwe muli Chinyanja, ndipo mu 2024 analemekezedwa ku Cannes pa luso lotsogolera On Becoming a Guinea Fowl. Munthu amene wakhala zaka makumi awiri akuuzidwa, ngakhale popanda mawu, kuti nkhani zoyenera kamera zimachitika kwa eni, ali ndi chifukwa chokwanira choluluta.

A mbali imeneyi amanenanso za mpira. Pa 12 February 2012 Chipolopolo itagonjetsa Ivory Coast ku Libreville nkutenga chikho cha Africa, ndani wa ku Kacholola anamenyako mpira? Ndani anagulira osewera nsapato? Koma anthu anavina usiku wonse, ndipo palibe anabwera kudzafunsa lisiti. Chimwemwe cha wotsatira chimachokera pa kutsatira komweko. Mayi amene wapirira udzudzu pa khonde la sitolo zaka zingapo kuti aone mmene banja la a Nguzu lithere waika nthawi yake ndi mtima wake m'seweroli, ndipo likalemekezedwa iye amamva kuti sanataye nthawi pachabe.

Mfundo yawo imene ine imandikhudza kwambiri ndi ya ana. M'sukulu zathu muli magulu a zisudzo, ndipo pa zikondwerero za boma kapena za tchalitchi mumaona mtsikana wa giredi 9 akusewera gogo wokalamba mpaka anthu kugwira nthiti. Akafika kunyumba amauzidwa kuti asiye zachibwana, awerenge kuti adzakhale namwino. Makolowo sakulakwa, akuopa njala. Koma kholo lomwelo likaona munthu wa ku Zambia atanyamula chikho pa TV, atakwera ndege chifukwa cha zisudzo, mawu akuti "zachibwana" amayamba kulemera pakamwa. Kuyambira 2018 ku Lusaka kuli sukulu ya MultiChoice Talent Factory yophunzitsa achinyamata kupanga mafilimu, ndipo sewero limodzi ngati Mpali limadyetsa anthu ambiri amene nkhope zawo sitiziona: olemba, ojambula, osamala mawu, atelala, madalaivala, ophika. Mphoto imathandiza kuti sewero lipatsidwe chaka china, ndipo chaka china ndi malipiro a anthu onsewa.

Pamwamba pa izo, nkhani yake ndi yathu. Mitala sitimaiwerenga m'buku kuno. Nsanje ya akazi a mwamuna mmodzi, ana olimbirana malo, mkazi wamkulu amene anamanga zonse nkumaona wamng'ono akudyerera, izi aliyense ali ndi mbale amene anazidutsamo. Sewero lotere likapambana pakati pa ena a ku Nigeria ndi Kenya, wowonera amamva kuti moyo umene amaudziwa ndi woyenera kuuonetsa ku Africa yense.

Tsopano aphunzitsi aja. Funso lawo loyamba ndi lakuti mwambowu ndi wa yani, ndipo yankho lake si lobisika. AMVCA inayamba mu 2013, ndipo mwini wake ndi kampani ya MultiChoice. Kampani yomweyo ndiyo mwini DStv, mwini Africa Magic, mwininso Zambezi Magic. Gawo limene Mpali inapambana linali la masewero amene kampaniyo inalipirira yokha kuti apangidwe. Aphunzitsi amati zili ngati mwini golosale kusonkhanitsa anthu, kuyatsa nyali, nkulengeza kuti mwa sopo yense wa m'sitolo mwake, wopambana ndi uyu. Sopoyo atha kukhala wabwinodi, koma cholinga cha msonkhano ndi chakuti mugule. Usiku wa mphoto ndi malonda a dikoda, ndipo ndalama imene mwini sitolo ya ku Kacholola amalipira mwezi ndi mwezi ndiyo imathandiza kugula kapeti yofiira ija.

Amakumbutsanso kuti mwini dishi ali kutali ndipo amaganiza za iye mwini. Mu August 2023 MultiChoice inalengeza kuti ikuchoka ku Malawi itasemphana ndi bungwe loyang'anira zoulutsa mawu la MACRA pa nkhani ya mitengo, ndipo panapita miyezi ingapo zisanakonzedwe. Mu 2025 kampani yonseyo inagulidwa ndi Canal+ ya ku France. Tsogolo la masewero amene timati ndi athu likukambidwa m'maofesi a makampaniwa ku Johannesburg ndi Paris. Tsiku limene adzawerengere nkupeza kuti masewero a ku Zambia sakubweretsa phindu, chikho cha 2023 sichidzawaletsa kuwatseka.

Funso lachiwiri ndi lopweteka kwambiri, chifukwa likukhudza dzina lenileni la mwambowu, loti mphoto zosankhidwa ndi owonera. Owonera ake ati? Magawo ena amagamulidwa ndi oweruza, ena amavoteredwa ndi anthu pa intaneti. Nigeria ili ndi anthu opitirira 200 miliyoni, pamene kalembera wa 2022 anapeza kuti ife ku Zambia tilipo 19.6 miliyoni. Pa gawo lililonse limene wathu akupikisana ndi wa ku Nigeria pa mavoti, masamu amakomera iwo mpikisano usanayambe. Ndipo mkati mwa Zambia momwemo, wovota ndi wa ku Lusaka ndi ku Copperbelt amene ali ndi foni yamakono, bandulo ndi netiweki yosadukaduka. Kuno pakati pa mapiri pali malo amene munthu amayenera kukwera pachulu kuti uthenga upite. Anthu makumi atatu oonera TV imodzi pa sitolo ija, m'mabuku a kampani ndi dikoda imodzi, ndipo pa tsiku la mavoti mwina palibe ngakhale mmodzi. Owonera okhulupirika kwambiri, amene amayenda mtunda usiku kuti asaphonye gawo, ndi amene sawerengedwa konse.

Ngakhale a m'tauni analawa vuto lolephera kuonera kanema mu 2024. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pokhala ngozi ya dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi nkumazima maola ambiri patsiku. Anthu amene analipira mwezi wathunthu ankaonera masiku owerengeka. Kuno kumudzi nkhani inali ina: chimanga chitapserera m'munda, ndani akanaganiza za dikoda?

Kenaka pali chilankhulo. Kwa zaka zambiri AMVCA inali ndi mphoto zapadera za mafilimu a Chiyoruba, Chihausa, Chiigbo ndi Chiswahili. Chinyanja, chomwe chimayankhulidwa ku Malawi, ku Zambia, ku Tete ndi Niassa ku Mozambique, ndiponso pakati pa abale athu a ku Zimbabwe, chinalibe gawo lakelake. Mu 2024 anasintha nkugawa mphoto za zilankhulo potengera zigawo za Africa, kotero kuti ife tili m'thumba limodzi ndi onse a kum'mwera, kuphatikiza South Africa yomwe ili ndi ndalama ndi zipangizo zoposa zathu kutalitali. Chinsenga, chomwe ndi chilankhulo cha pakhomo kwa ambiri a ku Nyimba ndi Petauke, sichili ngakhale pa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene ZNBC imaulutsira. Ndiye aphunzitsi amafunsa: ngati mayi wa nthochi akuchita kumasulira anzake, sewerolo analembera yani? Amadandaulanso kuti m'masewero ambiri opangidwa ku Lusaka, munthu wa kumudzi amalowa kuti anthu aseke, wosadziwa kutsegula firiji, woyankhula mokuwa, ndipo kawirikawiri amampatsa kalankhulidwe ka Kum'mawa. Pa ichi ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse, chifukwa ndi chinthu chimene ana athu amachiona nkuyamba kuchita manyazi ndi lilime la amayi awo.

Ndipo mafilimu olandira mphoto zikuluzikulu aja, awaona ndani kuno? I Am Not a Witch ikunena za kamtsikana ka kumudzi konamiziridwa ufiti. Nkhani imeneyo ndi yamoyo m'midzi yathu, kumene agogo amathamangitsidwa pakhomo mwana akadwala. Anthu a ku London anaionera, anaikambirana, anaipatsa chikho. Ku Nyimba kulibe nyumba ya kanema yoti ikanaonetsedwamo, ndipo anthu amene akanapindula koposa kuionera ndi kukangana nayo ambiri sanamvepo ngakhale dzina lake. Kunyadira filimu imene sunaione, aphunzitsi amati, ndi kunyadira mbiri chabe.

Iwo amakonda kutchula Julius Chongo, amene nthano zake za Poceza M'madzulo pa Radio Zambia zinkachititsa mudzi wonse kuzungulira wailesi imodzi, ndi Gogo Breeze wa pa Breeze FM ku Chipata, amene ankawerenga makalata a omvera ndi kuyendera anthu m'midzi kukamva madandaulo awo, mpaka katswiri wina, Harri Englund, kulemba buku lonena za iye lomwe linatuluka mu 2018. Anthu amenewa, amatero aphunzitsi, anasankhidwa ndi omvera enieni, popanda kapeti. Umboni wake unali makalata olembedwa pa pepala la m'kope, ndi anthu obwereza nthano zawo kudimba.

Ndaika mbali ziwirizi mmene eni ake amazinenera. Tsopano ndinene mmene ine ndikuonera, pakuti si zonse zimene aphunzitsi anena zimaima zikakankhidwa.

Nzoona kuti mwambowu ndi malonda. Koma Mpali siinakondedwe chifukwa cha chikho. Inakhala ikuonetsedwa pafupifupi zaka zisanu chikho chisanabwere, ndipo chimene chinaisunga pa kanema ndi chakuti anthu ankaionera. Kampani yofuna phindu siisunga sewero limene anthu alitaya. Tikatero, mayi wa nthochi anavota ndithu, osati pa intaneti, koma kudzera mwa mwini sitolo amene amalipira dikoda mwezi uliwonse podziwa kuti ikazima benchi ikhala yopanda anthu ndipo zakumwa sizigulidwa. Voti imeneyi ndi yofooka, imafika ku Johannesburg ilibe dzina lake, koma ilipo. Kumuuza kuti chimwemwe chake nchopanda maziko ndi kumulanda kachiwiri, poyamba anamulanda a kampani posamuwerenga, kenaka ife ophunzira pomuuza kuti akhale chete.

Komanso kuchulukitsa mavoti pakokha sikungakonze zinthu. Mu 2024 eni AMVCA anachotsa mphoto za azisudzo otsogola m'manja mwa ovota nkuzipereka kwa oweruza. Vuto la mavoti limadziwika: amapambana ndi amene ali ndi omutsatira ambiri pa Instagram, osati amene anasewera bwino. Ndiye pali zinthu ziwiri zimene wotsatira amazifuna nthawi imodzi koma siziyendera limodzi. Amafuna kuti mawu ake amveke, amafunanso kuti wopambana akhale waluso lenileni. Ife ochokera ku dziko la anthu ochepa, oweruza achilungamo angatithandize kuposa mavoti. Aphunzitsi akamati "sitinavote", ayenera kuvomerezanso kuti tikanavota tonse, a ku Kacholola mpaka ku Chadiza, a ku Lagos akanatiposabe.

Koma a chimwemwe nawo ali ndi pogwera. Chaka chimene wathu wapambana amati Africa yatizindikira. Chaka chimene walephera, anthu omwewo amati atibera, a ku Nigeria amangopatsana okhaokha. Mwambo ndi womwewo, malamulo ndi omwewo. Ngati timaukhulupirira pokhapokha ukatikomera, ndiye kuti sitikuukhulupirira, tikungofuna kutamandidwa ndi mlendo. Ichi ndicho chimandidetsa nkhawa. Funso loti tidzifunse ndi lakuti, Mpali ikanabwerako chimanjamanja usiku uja, kodi ikanatsika mtengo pamaso pathu? Ngati yankho ndi ayi, chikho ndi chokometsera chabe ndipo tingasangalale nacho mopanda mantha. Ngati yankho ndi inde, ndiye kuti tapereka maso athu kwa anthu ena kuti azitionera. Ndaonapo achinyamata akunyoza sewero la Chinyanja lojambulidwa ndi anzawo pa foni, loseketsa ndi lanzeru, chifukwa choti "silingapite ku Lagos". Wopanga filimu akayamba kulemba akuganiza za oweruza a kunja osati za benchi ya pa sitolo, Chingerezi chimachuluka, nyumba zimakula, ndipo munthu wa kumudzi amatsala wosekedwa uja.

Choncho mlandu waukulu ine sindiuika ku Lagos. A ku Nigeria anamanga mwambo wawo ndi msika wawo, natipatsako mpando, ndipo nyumba ya mwini saotchera mbewa. Funso ndi lakuti ife tamanga chiyani. Tili ndi Ngoma Awards, zokonzedwa ndi National Arts Council of Zambia, zomwe zinaima kwa zaka zingapo nkudzayambanso mu 2019. Kuima kumeneko kokha kukuonetsa mmene timalemekezera zathu. Mwambowu umachitikira ku Lusaka, ndipo kuno ungafunse anthu khumi pa siteji ya basi osapeza wodziwa mwezi umene umachitika. Pamenepa ndi pamene mkwiyo wa aphunzitsi ungagwire ntchito, chifukwa bungweli ndi la boma lathu, limayendera misonkho yathu, ndipo phungu wa Nyimba angathe kulifunsa mafunso ku nyumba ya malamulo. Kampani ya ku Paris sitingaiitanitse pa bwalo, koma bungwe lathu tingathe.

Zoti zichitike si zodula. Chigawo cha Kum'mawa chili ndi mawailesi amene anthu amawamvera tsiku lonse, Breeze FM ku Chipata, Explorers ndi PASME ku Petauke, ndi ena. Anthu amaimba foni pa mawailesi amenewa kukamba za feteleza, za mtengo wa thonje, za maliro. Foni yake ndi kaja ka mabatani, kosafuna bandulo. Palibe chovuta kuti mphoto imodzi ya Ngoma, ya sewero lokondedwa ndi owonera, izivoteredwa kudzera pa mawailesi a m'madera m'dziko lonse, pa uthenga wamba wa foni, ndipo zotsatira za chigawo chilichonse zizilengezedwa pazokha. Pamenepo opanga masewero ku Lusaka angadziwe kwa nthawi yoyamba chimene Nyimba imakonda ndi chimene imadana nacho. Pakhalenso mphoto ya filimu kapena sewero la m'zilankhulo zathu, lotseguka kwa Chinsenga, Chitumbuka, Chikunda ndi zina zimene wailesi ya boma inazisiya, kuti mnyamata wojambula ndi foni ku Petauke akhale ndi khomo lolowera.

Chinanso ndi chakuti wopambana azibwera. Osewera mpira akatenga chikho amachiyendetsa m'misewu kuti anthu achione. Azisudzo athu akalandira mphoto amatsikira pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kujambulitsa, nkuthera pomwepo. Chonsecho msewu wa ku Chipata ndi wa phula, ndipo basi imadutsa pa Kacholola tsiku lililonse. Mtsikana wa giredi 9 uja kuona wazisudzo ndi maso, kumufunsa mmene amaloweza mawu, kungamuchitire zambiri kuposa kumuona pa TV ali ku Lagos.

Mafilimu nawo abwere kumene kuli eni nkhani. Boma la China litalonjeza mu 2015 kufikitsa kanema wa setilaiti ku midzi 10,000 ya mu Africa, Zambia inapatsidwa midzi 500, ndipo kampani ya StarTimes inaika ma TV ndi mapulojekita oyendera sola m'malo monga masukulu. Zipangizo zina zotere zilipo kale m'dziko muno. Ndipo malo osonkhana sitisowa. Mwezi wa October uliwonse Ansenga amakumana kwa Mfumu Kalindawalo ku Petauke pa mwambo wa Tuwimba, khamu la anthu ochokera m'midzi yonse ya kuno, ambiri amagona komweko. Madzulo amodzi, magule atatha, anthu angaonere Dalitso kapena I Am Not a Witch, wina akumasulira pa maikolofoni monga amachitira mayi uja pa sitolo, kenaka nkutsegula bwalo kuti anene maganizo awo. Mwina adzaikonda, mwina adzati mwana wa ku Lusaka wokulira ku Ulaya sanatimvetse, ndipo Rungano Nyoni angapindule kumva zimenezo kuchokera kwa agogo amene anaonapo mnzawo akuthamangitsidwa pamudzi. Zofunika ndi chinsalu choyera, jenereta, masipika awiri ndi chilolezo cha eni filimu. Zitatu zoyambazo zimapezeka pa boma la Petauke tsiku lililonse pakakhala ukwati kapena msonkhano wa chipani. Chilolezo ndicho chiyenera kupemphedwa ndi kalata, ndipo kalata imeneyo angathe kuilemba a National Arts Council mogwirizana ndi komiti yokonza Tuwimba, miyezi ya mwambo isanayandikire.